Mdala watha miyezi 10 m'khola mwathu: poni wa zaka 17 amene ndinkamukana

Mu Sepitembala chaka chatha tinagula poni woti mwana wathu wamkazi azikwera pa masewera a timu ya Pony Club, bungwe la ana okwera mahatchi, kuno ku Shropshire ku England kufupi ndi malire a Wales. Anzanga angapo amene ana awo ayambanso kulirira zomwezi anandipempha kuti ndiwauze mmene zikuyendera. Ndinawauza kuti adikire kaye, chifukwa sabata yoyamba chiweto chilichonse chimakhala chabwino. Pano ndi Julaye. Tadutsa naye m'chisanu, m'matope ofika m'mawondo, komanso mu udzu wa mu Meyi umene unatsala pang'ono kutipweteketsa.

Poni si mwana wa hatchi ayi, ndi hatchi ya mtundu waufupi. Kuno msinkhu wake amayeza ndi "manja", kuchokera pansi kufika pamwamba pa mapewa, ndipo dzanja limodzi ndi mainchesi 4. Wathuyu ndi wa manja 13, kutanthauza masentimita 132, wamwamuna wofulidwa, wa mtundu wa Welsh Section B. Dzina la pa pasipoti yake ndi lachiwelesi lopinda lilime, ndiye pakhomo timangoti Mdala. Nditawauza amayi pa foni kumudzi ku Dedza, anakhala chete kenako anati, "Ndiye buluyo azikoka ngolo yanji kumeneko?" Mpaka lero sanamvetse kuti tinagula chiweto chosalima, chosakamidwa, choti ife ndi amene tizichigwirira ntchito.

Masewerawo ndi olandizana. Timu imakhala ya ana asanu, ndipo pa mpikisano uliwonse amathamanga anayi. Pena amakhotakhota pakati pa mitengo yozikidwa pamzere, pena amatola kapu pamtengo wina n'kukaiika pa wina, kusolola mbendera, kuponya sokosi m'ndowa, kapena kutsika n'kulowa m'saka akukoka poni. Chikwapu sichiloledwa, tizitsulo tobayira ta ku chidendene nato ayi. Chikho chachikulu cha ana ndi Prince Philip Cup, chimene chinayamba mu 1957, ndipo ndime yomaliza imachitikira pa chionetsero cha mahatchi cha Horse of the Year Show ku Birmingham mu Okutobala. Ife kumeneko timangopita ndi matikiti ngati wina aliyense.

Tinaona maponi anayi tisanagule. Mtima wanga unali pa wamkazi wa zaka 6, wofiirira, wa miyendo yoongoka bwino, wothamanga ngati wapsa mchira. Ndinawerengera ngati mmene ndimagulira galimoto: wamng'ono akhalitsa, ndipo tikadzafuna kumugulitsa sititaya zambiri. Mphunzitsi wa timu, mayi amene wakalambira m'makola, anavomera kutiperekeza. Sanatsutsane nane. Anangotulutsa kabotolo kapulasitiki kokhala ndi timiyala, n'kukagwedeza pambali pa poniyo, kenako anamenya ndowa ndi phazi. Poni uja anavina chammbali mpaka mwana wanga anagwira chishalo ndi manja onse awiri.

Kwa Mdala anachitanso chimodzimodzi. Iye anangotembenuza khutu limodzi. Kenako mphunzitsi anauza mwanayo kuti athamangitse pang'ono n'kuwerama ngati akutola chinthu pansi. Atangopendekeka, Mdala anachepetsa liwiro yekha, n'kusendera mbali yomweyo ngati akufuna kumuwakha. Atadumphira pansi, poni anaima nji, zingwe zili lende. Mphunzitsi uja anandikokera pambali nati, "Mayi, liwiro mwanayu adzalipeza yekha. Chimene mukugula lero ndi kuima." Ndinaona ngati akungondinyengerera kuti nditenge nkhalamba ya mnzake. Mtengo wakenso sunali wa nkhalamba, unali wa kagalimoto kakale koyenda bwinobwino.

Tinaitana dokotala wa ziweto wathuwathu, osati wa wogulitsa, kuti amupime kwathunthu, kupima kuja kwa magawo asanu. Amamumvetsera mtima, kumuona maso, kumupinda miyendo n'kumuthamangitsa, kumutopetsa, kumupumitsa n'kumuonanso, ndipo amatenga magazi oti asungidwe miyezi 6 kuopa kuti mwina anamwetsedwa mankhwala obisa ululu. Anapeza kuti mfundo za miyendo yakumbuyo zayamba kuuma pang'ono, mano ofunika kupala, basi. Pasipoti tinasinthitsa dzina masiku 30 a lamulo asanathe.

Zimene mayi uja ananena ndinadzaziona ndi maso mu Febuluwale, pa kampikisano ka m'bwalo lofoleredwa. Mwana wanga anaphonya, kapu inagwa pansi n'kugubuduka. Lamulo ndi lakuti utsike, utole, ukonze pomwe walakwitsapo. Anatsika. Mbali zonse ziwiri maponi a matimu ena ankadutsa fumbi lili koboo, makolo akukuwa, koma Mdala anangoima mutu uli pansi ngati akudikira minibasi. Pokwera, ana amenewa sagwiritsa ntchito popondera, amathamanga pambali pa poni n'kudziponya pamsana. Mwanayo anadziponya koyamba, n'kutsetsereka. Kachiwiri, chimodzimodzi. Poni sanamusiye, ankangoyenda kadzam'kadzam mpaka kachitatu atakhala. Anamaliza omalizira. M'galimoto pobwerera mwanayo ankangoti, "Amayi, munamuona? Anandidikira." Poni wamkazi uja akanakhala atafika kale ku Wales.

Koma kudziwa masewera kuli ndi kuipa kwake, ndipo izi palibe anandichenjeza. Mdala amawadziwa kuposa womukwera. Pamzere woyambira amayang'ana yekha mbendera ya woyambitsa, ndipo ikangogwedezeka wanyamuka, ngakhale isanatsike. Pamtengo womaliza amakhota yekha, kaya mwana watola chinthucho kaya ayi. Kawiri mwanayo anapitirira kutsogolo poni atabwerera kale, kamodzi anang'ambika mlomo. Zinatenga miyezi itatu ya kuyeserera mosokoneza dala, kudutsa mtengo osakhota, kuima pamzere ena akuthamanga, kuti ayambe kudikira kuuzidwa. Pano zachepa, koma sizinatheretu, ndipo pa msinkhu wakewu sindikuganiza kuti zidzatha.

Chachiwiri ndi ngolo yomunyamulira. Wogulitsa anandiuza kuti amakwera bwinobwino, ndipo sananame, kungoti iwo anali ndi lole yotakasuka. Ife timabwereka kangolo kokokedwa ndi galimoto, kopanikiza komanso kamdima. Tsiku loyamba tinalimbana naye pafupifupi ola lathunthu, bambo ake a mwanayu thukuta lili kamukamu m'kati mwa Novembala. Tinachita kumamudyetsera m'kangolomo madzulo aliwonse kwa milungu itatu kuti azolowere. Mukamakagula, musafunse kuti amakwera kapena ayi. Pitani ndi ngolo yomwe muzidzagwiritsa ntchito, mumukweze muone.

Chachitatu ndi cholakwa changa, ndipo ndi chimene chimandisowetsabe mtendere. Kwathu chiweto chonenepa ndi ulemu wa mwini wake. Ng'ombe yooneka nthiti imakuchititsa manyazi pa dibi. Ndiye udzu utaphuka mu Epulo ndi Meyi, ndinkasangalala kumuona Mdala akudya tsiku lonse, thupi likuwala, khosi likukhuthala. Anzathu a pakhola anandiuza kawiri kuti ndimuchepetsere, ine n'kumati azunguwa amakonda kumana ziweto. M'mawa wina ndikuchokera ku ntchito ya usiku ndinamupeza ataima modabwitsa, miyendo yakutsogolo ataitambasula, thupi lonse atalikankhira kumbuyo ngati akukana kukokedwa. Nditagwira ziboda, zinali zotentha, mtsempha wa pamwamba pake ukugunda mwamphamvu. Kuti aponde sitepe imodzi ankachita ngati akuyenda pa makala.

Matendawa amati laminitis. Maponi a mitundu ya kuno, monga a Welsh, anazolowera udzu wosauka wa m'mapiri, ndipo shuga wa mu udzu wanthete amawachulukira. Minofu imene imagwira fupa m'kati mwa chiboda imatupa n'kufooka, ndipo zikafika poipa fupalo limapendekeka. Tinachita mwayi kuti tinazipeza msanga. Dokotala anamutsekera m'khola pa zogonera zokhuthala, anamupatsa mankhwala a ululu, udzu wouma tinkachita kuuviika m'madzi kuti shuga asukuluke, ndipo anamuyezanso matenda a Cushing's amene amakonda maponi okalamba, koma sanamupeze nawo. Milungu 6 osakweredwa, ndipo mpikisano wa chigawo umene timu inakonzekera chisanu chonse unamudutsa mwana wanga ataima kumpanda. Sanandinene ngakhale liwu limodzi. Bola akanandinena.

Lero Mdala amatuluka atavala chotchinga kukamwa chokhala ndi kabowo pansi, udzu wake timayeza pa sikelo, ndipo Lamlungu lililonse ndimamuzunguliza tepi pachifuwa n'kulemba pa khoma. Akandiyang'ana ndi maso a njala aja ndimayang'ana kumbali.

Za ndalama ndinene mwachidule: kugula ndiye kotchipa. Wodula ziboda amabwera milungu 6 iliyonse, pali katemera wa chimfine ndi kafumbata, wa mano kamodzi pachaka, lendi ya khola pamene ntchito yonse timagwira tokha, ndi inshulansi imene kwa poni wokalamba imalipira zochepa, ndipo chichitikireni za mu Meyi zija ziboda anazichotsamo. Mu Januwale ndinkaswa madzi oundana m'chomwera ndi chidendene cha jombo, ndili ndi yunifolomu m'kati mwa jekete.

Mukandifunsa ngati ndingamugulenso, yankho ndi inde, mosakayika, kwa mwana wa zaka 10 amene akuyamba kumene. Kwa mwana amene wadziwa kale kudziponya pamsana ndipo akufuna zikho, ayi, Mdala alibe liwiro limenelo, ndipo akachita mipikisano masiku awiri otsatizana Lolemba amadzuka miyendo itauma.

Vuto lomwe likubwera ndi msinkhu. Mwanayu wakwanitsa zaka 11 ndipo wasolokoka ngati nzimbe, mapazi ayamba kugunda mitengo pokhota, komanso pali malamulo a kulemera kwa mwana poyerekeza ndi msinkhu wa poni. Tikachita mwayi atha nayenso chaka chimodzi. Akuti akufuna kudzapitiriza ku Mounted Games Association, bungwe limene Norman Patrick anayambitsa mu 1984 kuti opyola msinkhu wa Pony Club asasiye, ndipo kumeneko adzafunika poni wamkulu komanso wachangu. Wamkazi wofiirira uja anagulidwa ndi banja lina, akukweredwa ndi mnyamata wa zaka 14 ndipo akupambana. Ndimamuona mwana wanga akumutsatira ndi maso.

Mdala sitidzamugulitsa. Maponi amafika zaka 30, ndipo mabanja awiri a pakhola pomwepa afunsa kale ngati tingadzawabwereke. Ndawauza kuti tidzakambirana mu Malichi, koma azidzakhala pa khola lomweli, ndipo chotchinga kukamwa chija ndizidzabwera ndekha kudzaona ngati wavala.