Makina akuda opukusa pamanja: kodi amakwanira posokera zikwama, zidole ndi zolendewera za ana?

Makina amene tikuwaunika pano ndi aja a mutu wakuda wachitsulo, okhala ndi maluwa agolide m'mbali, amene mumawaona pamakonde a masitolo pa Kamuzu Road ku Salima kapena pa boma ku Nkhotakota, telala atawerama pamenepo. Mayina ake ndi ambiri, lodziwika kwambiri ndi Butterfly ya ku China, koma m'kati mwake pafupifupi onse anatengera kapangidwe ka Singer 15, makina amene anayamba kupangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mutu womwewo ukhoza kuikidwa chopukusira cha pamanja, kukhazikidwa pa tebulo lopalasa ndi mapazi, kapena kumangiriridwa kamota ka magetsi. Funso lathu ndi limodzi: munthu wofuna kusoka pakhomo zikwama za chitenje, zidole za nsalu ndi tinsomba tolendewera pamwamba pa bedi la mwana, agule makinawa?

Agule, bola adziwiretu kuti amasoka msoko umodzi wokha, wowongoka. Alibe zigizagi (msoko wokhotakhota), alibe ovaloku (msoko wokulunga m'mphepete mwa nsalu kuti musayoyoke), sasoka mabowo a mabatani. Ubwino wake ndi kuipa kwake zonse zikuchokera pamenepa.

Pa zidole zing'onozing'ono ndi pamene makinawa amaonetsa luso. Bowo lolowera singano ndi laling'ono, lozungulira, kotero kansalu kakang'ono ngati mchira wa nsomba sikamezedwa kulowa pansi monga zimachitikira pa makina a zigizagi, amene bowo lake ndi lotambalala. Chopukusira chikazungulira kamodzi singano imabaya pafupifupi katatu, ndipo mukhoza kuyenda pang'onopang'ono mpaka kubaya kamodzikamodzi pokhota pakamwa pa chambo kapena pakhutu la njovu. Vuto ndi lakuti dzanja lamanja latanganidwa, nsalu ikuwongoleredwa ndi lamanzere lokha. Choncho musadule kaye nsalu. Ikani zidutswa ziwiri moyang'anizana kumaso, jambulani nsombayo ndi pensulo kuseri, masentimita 12 m'litali ndi okwanira, bayani mapini kunja kwa mzerewo, musoke potsata mzere, kenaka mudule mosiya theka la sentimita. Nsalu yaikulu imagwirika bwino ndi dzanja limodzi kusiyana ndi kachidutswa kodulidwa kale.

Msoko wa chidole ukhale waung'ono, mamilimita 2 kapena kucheperapo pang'ono. Pa makina ena kachitsulo kosinthira msoko kalembedwa 0 mpaka 4, amenewo ndi mamilimita. Pa ena kalembedwa 6 mpaka 30, kutanthauza kuchuluka kwa kubaya pa inchi imodzi, ndiye kuti nambala ikamakula msoko ukuchepa. Pamenepo ikani pakati pa 12 ndi 15. Msoko wautali umayasama mukayamba kuphatikamo thonje, ulusi n'kumaonekera ngati mano. Siyani kakhomo ka masentimita 4 pamimba pa nsomba, pamene mzere uli wowongoka, osati pokhota. Musanatembenuze, tsekulani m'mphepete ndi nsonga ya sizasi paliponse pokhota, timing'alu totalikirana theka la sentimita, osafika pa ulusi. Mukadumpha zimenezi chidole chimatuluka chokwinyika ndipo ngakhale simbi sichikonza. Mikono ndi miyendo ya chidole isachepere masentimita awiri ndi theka m'lifupi, apo ayi muvutika kuitembenuza mpaka kuing'amba.

Zoikamo m'kati ndi nkhani ina. Chabwino koposa ndi ufiba wa m'mapilo akale a pa kaunjika: chapani, yanikani uume bwino, muufumbule ndi zala, muziika pang'onopang'ono kuyambira kumchira ndi kamtengo kosasongoka. Thonje la m'munda, poti kuno ku Salima limalimidwa, likhoza kugwira ntchito, koma muchotse njere zonse chifukwa zili ndi mafuta amene amadetsa nsalu, komanso dziwani kuti thonje likachapidwa limaundana n'kuchedwa kuuma. Tizidutswa ta nsalu todula bwino timalemera, n'tabwino pa mpira kapena chidole chokhazikika pansi koma osati pa zolendewera. Mpunga, nyemba ndi mankhusu musaikemo; mukuitana anankafumbwe ndi makoswe, ndipo chinyezi cha kunyanja chiumbitsa nkhungu m'kati. Kakhomo kaja kamatsekedwa pamanja. Maso nawonso asokedwe ndi ulusi wakuda pamanja. Mabatani ndi mikanda n'zokongola koma mwana wosakwana zaka 3 amazizula ndi mano n'kutsamwa nazo.

Tikafika pa zikwama, makinawa ali ndi mphamvu yoposa timakina tambiri ta pulasitiki ta magetsi, ndipo magetsi akazima ntchito siiima. Koma apa chopukusira chimatopetsa, ndipo amene akufuna kusoka zikwama zogulitsa kwa alendo a ku Senga Bay achite bwino kuwonjezera ndalama agule tebulo lopalasa, kuti manja onse awiri akhale pa nsalu.

Chitenje chimodzi cha mamita 2 m'litali ndi masentimita 110 kapena kuposerapo pang'ono m'lifupi chimatulutsa kunja kwa zikwama zinayi pamodzi ndi zogwirira zake. Dulani zidutswa zinayi za masentimita 40 ndi 90, mbali ya 90 ikutsata m'lifupi mwa chitenje. M'mphepete mutsala lamba wa masentimita 20 amene apereka zogwirira zinayi za masentimita 10 ndi 65, ndipo chidutswa chotsala kumapeto chipereka zina zinayi. Musanadule yang'anani maluwa a chitenjecho. Ngati zithunzi zake zili ndi kumutu ndi kumiyendo, monga mbalame kapena miphika, chidutswa chopindidwa pakati chidzaonetsa mbali imodzi chadodolido kapena chammbali. Pamenepo ndi bwino kudula zidutswa ziwiri zosiyana n'kuzilumikiza pansi. Ndiponso chitenje chatsopano chichapidwe kaye. Chimabwera ndi sitachi amene amachionetsa ngati cholimba, chikalowa m'madzi chimafota n'kufupika, ndipo china chimasuluka utoto. Chikwama chosokedwa ndi nsalu yosachapa chimapindika m'misoko tsiku loyamba kuchapidwa, makamaka ngati layiningi ndi ya jinzi yakale imene inafupika kalekale.

Poti palibe zigizagi, m'mphepete mwa nsalu mumayoyoka. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi layiningi, imene imabisa misoko yonse ndi kulimbitsa chikwama. Miyendo ya jinzi ya pa kaunjika kapena nsalu ya bedi yochindikala imachita bwino. Yachiwiri ndi msoko wobisa: sokani kaye nsalu zitayang'anizana kuseri, theka la sentimita kuchokera m'mphepete, chepetsani timaulusi totuluka, tembenuzani, sitani, musokenso pa sentimita imodzi kuti m'mphepete muja mutsekeredwe m'kati. Msoko umenewu ndi waudongo kuposa ovaloku, ndipo thumba la kusukulu kapena la kumsika losokedwa motero limakhalitsa. Amene amathamangira kwa telala wa ovaloku pa kanthu kalikonse akungotaya ndalama.

Kuti chikwama chikhale ndi pansi potambalala, dulani kabokosi ka masentimita 5 mbali zonse pa ngodya ziwiri za pansi, phatikizani msoko wa m'mbali ndi mzere wa pansi, musoke mopingasa. Pansi pake patuluka masentimita pafupifupi 10. Chogwirira chipindidwe pakati, m'mphepete monse mulowetsedwe m'kati, chikhale cha magawo anayi, masentimita awiri ndi theka m'lifupi, chisokedwe mbali zonse ziwiri. Pochimangirira pa chikwama, sokani kabokosi n'kudutsitsa mtanda pakati pake. Chogwirira chosokedwa mzere umodzi wokha chimazuka tsiku limene mwanyamula mpunga wa makilogalamu 5.

Pamenepa ndi pamene singano zambiri zimathyokera. Chogwirira, mpendero ndi layiningi zikakumana, nsalu zimafika magawo 8 kapena kuposa. Ikani singano ya nambala 16, kapena 18 ngati pali jinzi, msoko mutalikitse kufika mamilimita 3, ndipo pachotupapo menyani ndi hamala pa thabwa kuti paphwatalale. Phazi la makina likayamba kukwera n'kupendekera kumbuyo, mano satha kukoka nsalu, singano imangobaya malo amodzi. Pindani kansalu kochindikala mofanana, mukaike pansi pa phazi kumbuyo kwa singano kuti phazilo likhale mowongoka, muzungulitse gudumu ndi dzanja mpaka mwadutsa. Musakoke nsalu kumbuyo. Kukokako kumapinda singano, iyo n'kukamenya chitsulo cha pansi kapena nsonga ya shatulo (kachitsulo ka pansi kamene kamakola ulusi wa singano), ndipo shatulo ikakalika imadula ulusi kosalekeza. Zipi imafuna phazi lake lopyapyala, limene nthawi zambiri limagulidwa padera.

Madandaulo ambiri amene anthu amapereka pa makinawa gwero lake ndi singano. Amafuna singano yophwatalala mbali imodzi kumutu, yolembedwa HAx1 kapena 130/705H pa paketi. M'misika mumapezekanso ya mutu wozungulira, DBx1, ya makina a m'fakitale, ndipo wogulitsa wina amangoti singano ndi singano. Ikalowa pa makina apakhomo imadumpha misoko. Mabobini (tozengerapo ulusi wa pansi) a makina a m'fakitale nawo amaoneka ofanana koma ndi aafupi, amagwedera m'kati. Poika singano, mbali yokhala ndi ngalande yaitali iyang'ane kumene ulusi ukulowera. Pa makina ambiri a mtundu uwu ndi kumanzere, mbali yophwatalala ikuyang'ana ku gudumu. Ulusi ukamaunjikana pansi pa nsalu ngati chisa cha mbalame, musathamangire kumasula kasikuluwu ka bobini. Vuto lili pamwamba: ulusi sunalowe pakati pa timbale tiwiri tomangira, kawirikawiri chifukwa munaupisa phazi lili pansi. Kwezani phazi, muupisenso, ndipo poyamba msoko uliwonse gwirani nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo.

Kunyanja kuno mdani wamkulu ndi dzimbiri. Nyengo ya mvula timbale tomangira ulusi ndi shatulo zimachita dzimbiri msanga, ndipo mwera ukamaomba m'miyezi ya June ndi July fumbi limalowa paliponse n'kusakanikirana ndi mafuta. Phimbani makina mukamaliza, siyani kansalu pansi pa phazi, chotsani nyenyeswa za ulusi pansi pa mano ndi kabulashi. Dontho limodzi la mafuta a makina pa bowo lililonse ndi m'njira ya shatulo ndi lokwanira. Mafuta ophikira ayi: amauma n'kusanduka ulimbo, makina n'kulimba gwa. Akafika pamenepo, tsukani ndi parafini, pukutani, muthirenso mafuta oyenera, musoke kaye pa nsanza mpaka ulusi uzituluka woyera.

Zolendewera zimafuna makina pa tinsomba pokha, zina zonse ndi za manja. Tengani timitengo ta nsungwi tosalazidwa bwino, ta masentimita 30, 25 ndi 20, musemepo timipata tosazama kumapeto kuti chingwe chisatsetsereke. Ambiri amalakwitsa poyambira pamwamba. Yambani ndi kamtengo kapansi: mangani nsomba mbali zonse, kakhazikeni pa chala mpaka mupeze pamene sikakupendekera, mumange chingwe pamenepo. Kenaka chonsecho chipachikeni kumapeto kwa kamtengo kachiwiri, mbali inayo nsomba ina, mufunenso poimira. Poimirapo sipakhala pakati. Ngati mbali imodzi ikulemera kawiri kuposa inzake, pa kamtengo ka masentimita 30 chingwe chigwera pafupifupi masentimita 10 kuchokera kolemerako. Mukapapeza, dontheza kaguluu pa mfundo. Nayiloni wa mbedza, amene kuno sasowa, saoneka ndipo amazungulira bwino, koma mfundo zake zimaterera, choncho pa chinthu cha mwana ulusi wochindikala wa thonje ndi wodalirika. Nsomba iliyonse ipachikidwe pamsana pamene ikuima mopingasa. Yesani ndi pini musanasokerere chingwe. Kumbukiraninso kuti mwana akuziona ali chagada, ndiye kuti akuona mimba za nsombazo. Mitundu yowala ndi mizere yakuda ndi yoyera ikhale kunsi.

Mwana wa kunyanja amagona mu neti ya udzudzu, ndipo neti isabooledwe pofuna kudutsitsa chingwe. Pachikani cholendeweracho kunja, pamalo pamene mwana amagonekedwa masana, kapena m'kati pa chingwe chosokereredwa padenga la neti ngati ndi chopepuka kwenikweni. Chikhale patali moti mwana atatambasula dzanja kapena mwendo sangachifike, ndipo chichotsedwe akayamba kudzikankha ndi manja ndi mawondo, kapena akakwana miyezi 5, chifukwa zingwezo zikhoza kumukola pakhosi.

Za mtengo sititchula nambala, poti chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya katundu wochokera kunja siikhazikika. Chofunika ndi kuyesa musanalipire, kaya makinawo ndi atsopano kaya akale. Pitani ndi kachidutswa ka chitenje ndi mpendero wa jinzi. Zungulitsani gudumu pang'onopang'ono, lisagwire pena paliponse, singano izigwera pakati penipeni pa bowo. Sokani kutsogolo ndi kumbuyo, muone ngati msoko wapansi ndi wapamwamba zikufanana. Tulutsani shatulo muyendetse chikhadabo pa nsonga yake, pasakhale pokala. Onani kalabala ka chozengera bobini ngati sikanang'ambike, ndi mano a chopukusira ngati akulumana osagwedera. Makina akale olemera amene telala wawagwiritsa ntchito zaka zambiri nthawi zina amasoka bwino kuposa atsopano otchipa, amene ena amatuluka m'bokosi zitsulo zake zili zokakala.

Amene akufuna kusoka zidole za masokosi kapena za nsalu ya tisheti asavutike ndi makinawa. Nsalu yotamuka ikakokedwa msoko wowongoka umaduka, ndipo zidole zotero zimalimba bwino zikasokedwa pamanja, ndi ulusi wowirikiza ndi msoko wobwerera m'mbuyo.