Cheke cha pa kompyuta kapena kutumiza pa foni? Simenti ya ku Limbe inandiyankha

Anzanga osunga mabuku a ndalama m'masitolo muno mu Zomba, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chimene ndinasiyira macheke, ine amene ndinkawatama. Ndiyankhe pano kamodzi.

Cheke chosindikiza pa kompyuta suchipanga wekha ayi. Mapepala ake amachokera ku banki, manambala a m'munsi aja atalembedwa kale ndi inki yapadera imene makina awo amawerenga. Kompyuta imangodzaza dzina, tsiku ndi ndalama, n'kulowetsa malipirowo m'buku. Zinkandisangalatsa ndithu: zolemba zaukhondo, ndipo ndalama sizinkatuluka popanda siginecha ya abwana ndi ya mlongo wawo.

Ndiye kunabwera Lachisanu lija, kumayambiriro kwa November 2023. Tinkaoda simenti ku Limbe, cheke cha K1,850,000. Magetsi anali atangoyaka, ine phuma, pepala linalowa mokhota mu pulinta ndipo mawu amodzi a ndalamazo anagwera pa mzere. Ndinangotenga bolopeni n'kudutsitsapo. Abwana anasayina m'munsi, mlongo wawo anasayina, koma pamene ndinakonzapo palibe anasayinapo. Mnyamata wathu anakwera minibasi nacho.

Mwini simenti anakachiika ku banki yake Lolemba, yosiyana ndi yathu. Lachinayi foni inalira: “Achimwene, cheke chanu chabwerera.” Mu akaunti ndalama zinalimo zokwanira. Koma iyeyo zimenezo sizinamukhudze, kwa iye tinasanduka anthu olemba macheke obaunsa. Sabata yomweyo ndi imene Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Pofika poti tilipirenso, thumba linali litakwera mtengo, matumba amene anatisungira atagulitsidwa kwa ena. Ndipo mwezi utatha, pa sitetimenti ndinapeza chindapusa cha cheke chobwezedwa, chimene palibe anandiuzapo. Chinali chochepa poyerekeza ndi za simentizo, koma n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Abwana sanakalipe. Anangochizungulira ndi bolopeni yofiira n'kundisiyira pa tebulo.

Kutumiza pa intaneti nako kumadula, tisanamizane. Kaya ndi Mo626 ya National Bank, kaya njira za mabanki ena, kaya Airtel Money ndi Mpamba, kutumiza kulikonse pamachoka kenakake. Kusiyana kwake n'koti mitengoyo umaidziwiratu, ndipo wolandira amatsimikiza mwachangu kuti zalowa. Nkhawa ya masiginecha awiri inatha titatsegula akaunti ya bizinesi ya pa intaneti: ine ndimalowetsa malipiro, abwana amavomereza ali kwawo ku Matawale.

Netiweki imavuta kumapeto kwa mwezi, zoona. Kuphonya nambala imodzi n'koopsa kuposa cheke, chifukwa cheke ukhoza kuimbira banki kuti achiimitse, pomwe ndalama zolowa kwa munthu wolakwika kuzibweza n'kuchonderera. N'chifukwa chake munthu watsopano ndimayamba ndamutumizira K1,000, akaiona ndiye zotsalazo.

Ganiziraninso mmisiri wa ku Jali kapena wogulitsa matabwa wa ku Thondwe. Ukamupatsa cheke wamupatsa ulendo wa ku tawuni ndi mzere wa ku banki, pomwe ejenti wa Mpamba ali pa msika pompo. Anzathu a ku South Africa macheke anawatsekeratu pa 31 December 2020.

Chimodzi chokha ndimachisowa: cheke cholemba tsiku la mtsogolo, chija chinkatipumitsa sabata ziwiri katundu tikugulitsa kale.

Buku la macheke likadali mu dilowa. Limatuluka kamodzi pa mwezi chifukwa cha agogo eni nyumba imene tikuchitira lendi, amene amati ndalama ya pa foni ndi mphepo. Chawocho ndimalemba pamanja, pang'onopang'ono, pulinta osaiyandikira.