Kulengeza chimbale cha rap kudzera m'situdiyo ya ku Luchenza: mmene ntchito yayendera

Ku Luchenza, tawuni ya m'malire a maboma a Thyolo ndi Mulanje, kuli situdiyo ina ya achinyamata imene, kuwonjezera pa kujambula nyimbo, yayamba kugwira ntchito yolengeza chimbale chisanatuluke. Woimba amalipira ndalama, ndipo iwo amakonza ndondomeko ya miyezi ingapo yomwe ili ndi magawo atatu: kutulutsa nyimbo imodziimodzi zotsogolera chimbale, kudula tizidutswa ta kanema tolawitsa anthu, ndi kuulutsa woimbayo pompopompo pa Facebook. Mphwanga, yemwe amaimba chamba cha rap m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, anawapatsa ntchito imeneyi pokonzekera chimbale chake choyamba, ndipo ine ndine amene ndakhala ndikuyendetsa za ndalama ndi zokambirana zonse kuyambira pa pangano mpaka lero pamene chimbalecho chatsala pang'ono kutuluka. Dzina la situdiyoyo sindilitchula, popeza zina zimene ndinene ndi madandaulo, komanso oimba a dera lino akuidziwa kale.

Chimene chinandikopa pa zokambirana zoyamba n'chakuti sanatilonjeze kutchuka m'dziko lonse, koma anafunsa kuti nyimbo za mphwangayo amazimvera ndani, ndipo amazimvera pa chiyani. Achinyamata ambiri a kuno amagula bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi pa TNM kapena pa Airtel, kawirikawiri ya WhatsApp kapena Facebook yokha, kotero nyimbo yatsopano siifika kwa iwo kudzera pa Spotify, pulogalamu yomvetserapo nyimbo pa intaneti. Imachokera pa foni ya mnzawo, m'gulu la WhatsApp, kapena kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Bvumbwe. Ikakhala yokoma imalowa m'maminibasi oyenda pakati pa Limbe ndi Muloza, m'malo ometera tsitsi, ndi pa njinga za kabaza zomwe eni ake anamangirirapo wailesi. Podziwa zimenezi, nyimbo iliyonse amaikonza m'mitundu iwiri. Wina ndi wolemera, womveka bwino kwambiri, wopita ku wailesi ndi ku Spotify ndi mapulogalamu ena otero, Boomplay ndi Audiomack. Wina ndi MP3 yopepuka, yosadya bandulo, imene m'kati mwake amalembamo dzina la woimba ndi mutu wa nyimbo, n'kuikamo chithunzi cha chikuto cha chimbale.

Kanthu kameneka kangaoneke kochepa, koma kwa ine n'kamene kanaonetsa kuti anthuwa amadziwa ntchito yawo. Nyimbo yotumizidwa pa WhatsApp mwachisawawa imafika pa foni ya munthu wina itataya dzina, itasanduka zilembo ndi manambala a tsiku limene inatumizidwa, ndipo oimba ambiri a m'maboma muno nyimbo zawo zimavinidwa m'maukwati anthu osadziwa kuti mwini wake ndani. Iwo amatumiza nyimbo ngati chikalata kuti dzina lisasinthe, ndipo kumayambiriro kwake amaika mawu aafupi otchula woimba ndi chimbale chimene chikubwera, kuti ngakhale amene akuimvera m'minibasi, wosaona foni, adziwe choti afunse akatsika.

Pa kusankha nyimbo yoti itsogole panali kusagwirizana, ndipo ndikuona kuti iwo ndi amene ankanena zoona. Mphwanga ankafuna kuyamba ndi nyimbo yothamanga kwambiri, yoonetsa luso lake lolumikiza mawu, imene oimba anzake amaitama. Iwo anamulangiza kuyamba ndi ina imene mng'oma zake zinatengera tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu m'chaka cha 2014, ndipo anakonza kuti ituluke pamene mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, womwe umachitikira pa Chonde m'mwezi wa Okutobala, unali pafupi. Nyimboyo inafika m'makutu mwa anthu omwe sakanamvera rap konse, kuphatikizapo amayi ndi abambo akuluakulu a kwathu, ndipo pamene nyimbo yothamanga ija inkatuluka yachiwiri, dzina la woimbayo linali litadziwika kale. Chinanso chimene ndinalemekeza n'chakuti anakana kutenga ng'omazo pa kanema wa munthu wina. Anaitana alimba ng'oma a m'mudzi, atapempha kaye kwa akuluakulu a gululo, anawajambula m'situdiyo ndi kuwalipira, chifukwa tchopa si gule wongosangalatsa chabe, ali ndi mbali yake ya nsembe ndi kupembedzera mizimu, ndipo sayenera kutoledwa ngati chinthu chopanda mwini.

Pa za umwini wa nyimbo anatithandizanso ndithu. Anatiumiriza kukalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo tsopano limayendera lamulo la mu 2016, ndiponso kulemba papepala gawo la amene anapanga zing'wenyeng'wenye nyimbo isanatuluke. Nyimbo zonse anazitulutsa Lachisanu, tsiku limene makampani a nyimbo pa dziko lonse anagwirizana kuyambira mu 2015, ndipo ankazitumiza ku Spotify, yomwe inayamba kupezeka m'Malawi mu 2021, masiku oposa asanu ndi awiri lisanafike tsikulo, monga mmene kampaniyo imafunira kwa amene akupempha kuti nyimbo yake iganiziridwe pa mindandanda yake. Ku wailesi za m'dera, zimene kuno yodziwika kwambiri ndi Mzati FM ya ku Mulanje, ndiko ndikanakonda akanalimbikira koposa, chifukwa m'midzi ya kuseri kwa minda ya tiyi wailesi idakali yamphamvu kuposa foni.

Tizidutswa tolawitsa tinali tabwino pachiyambi, kenaka tinachulukitsa. Toyamba tinali tatifupi, toyenera pa sitetasi ya WhatsApp imene imachoka pakatha maola 24, ndipo kalikonse kankathera pamene munthu akufuna kumva mzere wotsatira. Chithunzi chinali choyera, mawu ankalembedwa pansi kuti ngakhale woonera wopanda zomvera m'makutu atsatire. Koma patapita nthawi anayamba kutulutsa kachidutswa pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zambiri ka kolasi imodzimodziyo, mpaka anthu ena anaitopa nyimbo yachitatu isanatuluke n'komwe. Ndiwo zolawitsa zikachuluka, munthu amakhuta nsima isanafike. Sindinakondwerenso ndi mmene anazolowerera kujambula chilichonse m'munda wa tiyi phiri la Mulanje likuonekera kumbuyo. Malowo ndi okongola, palibe angatsutse, koma chimbalechi chimakamba za malipiro a othyola tiyi, za achinyamata omaliza Folomu 4 n'kusowa chochita, ndi za ulendo wa ku Joni. Kukongola kwa chithunzi kunkaphimba ululu wa mawuwo. Mawu olengeza pa Facebook nawonso ankawalemba m'Chingerezi, pamene woimbayo ndi omvera ake amalankhula Chichewa ndi Chilhomwe, ndipo anasintha pokhapokha titadandaula.

Pali kachidutswa kamodzi kamene ndikuwathokozera kuchokera pansi pa mtima. M'chimbalechi muli nyimbo yokumbukira namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula mapiri ndi kukokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre. Kukanakhala kosavuta kukopa anthu ndi makanema a matope ndi maliro omwe anafala pa nthawiyo, koma iwo sanagwiritse ntchito ngakhale limodzi. Anajambula woimbayo atakhala pansi, akunena ndime yoyamba popanda zing'wenyeng'wenye, ndipo abale omwe anataya awo pa ngoziyo anatha kuonera osamva ngati chisoni chawo chasanduka malonda.

Gawo limene silinafike pa mtengo wake ndi kuulutsa pompopompo, ndipo ndilo linali lodula kuposa magawo enawo. Ulendo woyamba anaukonza madzulo, analengeza kwa sabata yathunthu, koma magetsi atazima pakati pa nyimbo zinapezeka kuti analibe batire kapena jenereta yodalirapo, chinthu chimene aliyense wogwira ntchito yotere m'dziko muno ayenera kuchiganizira asanatchule tsiku. Magetsi asanazime n'komwe, mawu ankatengedwa ndi maikolofoni ya foni m'malo mochokera ku mikisa, chipangizo chosakanizira mawu a woimba ndi zoimbira, kotero ng'oma zinkameza mawu a woimba, ndipo rap yosamveka mawu ilibe chimene yatsala nacho. Pulogalamuyo anaikonzanso yaitali mopitirira muyeso, ngati kuti anaiwala zimene iwo eni anatiphunzitsa za bandulo: kanema wa pompopompo amadya intaneti msanga, ndipo oonera a kuno ankalowa, n'kutuluka patangopita mphindi zochepa. Amene anakhalitsa anali abale ndi anzathu a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, okhala ndi intaneti ya m'nyumba kapena ya kuntchito. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti kanemayo sanamusunge. Kuyambira mu Febuluwale 2025 Facebook imasunga makanema oulutsidwa pompopompo kwa masiku 30 okha, ndipo pamene tinkafuna kudulamo mbali zimene zinayenda bwino, tinapeza atachotsedwa kale.

Titakhala nawo pansi sanakane mlandu, ndipo ulendo wachiwiri anauchita mosalipiritsa. Anausunthira Lamulungu masana anthu atabwerako ku mapemphero, anaufupikitsa, anabwereka batire ya sola, ndipo mawu anawadutsitsa mu mikisa. Anaikanso manambala a Airtel Money ndi Mpamba pansi pa chithunzi kuti ofuna kufupa afupe, ndipo ndalama zimene zinalowa, ngakhale sizinali zambiri, zinapita kwa woimba mwachindunji. Komabe maganizo anga sanasinthe: kwa woimba amene omvera ake ali ku Goliati, ku Makwasa ndi ku Chisitu, phindu la kuulutsa koteroko limabwera pambuyo pake, pamene mbali zabwino zadulidwa kukhala tizidutswa totumizirana.

Pa za ndalama ndi anthu okhulupirika. Malipiro anawagawa motsatira magawo a ntchito, ndipo kulikonse ankapereka lisiti. Anatiuza poyera kuti kulipira Facebook kuti ikankhe uthenga kwa anthu ambiri kumawerengedwa m'ndalama zakunja, zomwe zinakwera mtengo Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo anatilangiza kuchita zimenezo pa nyimbo imodzi yokha. Titafunsa za anthu ogulitsa otsatira abodza pa masamba a mchezo, anakanitsitsa, ponena kuti manambala oterowo sagula tikiti pa tsiku lokhazikitsa chimbale.

Woimba wa ku Thyolo kapena ku Mulanje amene ali ndi nyimbo zokonzeka, koma sakudziwa njira yozifikitsira kwa anthu, ndingamulimbikitse kupita kwa achinyamata amenewa, makamaka pa gawo la nyimbo zotsogolera ndi tizidutswa, bola agwirizane nawo chiwerengero cha tizidutswato ndi chilankhulo cholembera. Za kuulutsa pompopompo alipire pokhapokha ataona ndi maso ake batire, mikisa ndi malo osungirapo kanema. Afunsenso msanga funso limene ife tikulimbana nalo panopa: akaunti imene nyimbo zimatumizidwira ku Spotify ndi ku Boomplay anaitsegula pa imelo ya situdiyo, osati ya woimba, zomwe zikutanthauza kuti malipoti ndi ndalama zilizonse zimayamba zafika kwa iwo. A situdiyo avomera kusamutsa nyimbozo kupita ku akaunti ya mphwanga, ndipo tagwirizana kuti gawo lomaliza la malipiro tidzapereka zimenezo zikachitika, chimbale chisanatuluke.