Bainokyula ya 10x50: mwala wa Vesta waoneka tili pa Ngabu

Amene akufuna kugula bainokyula kuti aone miyala ya m'mlengalenga ngati mmene imaonekera pa zithunzi za NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, asunge ndalama zake. Yanga ndinagula yogwiritsidwapo kale ku Limbe, ya 10x50, kutanthauza kuti imakulitsa chinthu ka 10 ndipo magalasi akutsogolo ndi a mamilimita 50. Vesta, umodzi mwa miyala imeneyi, imangooneka ngati kadontho kowala, basi.

Koma kadonthoko kamayenda, ndipo apa ndi pamene chipangizochi chinandigwira mtima. Mu Meyi 2025, Vesta itayandikira dziko lathu, ndinkaipeza ndi Stellarium, pulogalamu ya pafoni yosonyeza malo a nyenyezi, madzulo ikatuluka kum'mawa, cha kumapiri a Thyolo, n'kujambula m'kope nyenyezi zoizungulira. Pakapita masiku, nyenyezi zili pomwepo, iyo yasuntha. Ophunzira anga a Fomu 2 ataona okha kopelo ndi kumwambako, nkhani ya zinthu zozungulira dzuwa inasiya kukhala ya pabolodi.

Mwalawu uli m'lamba wa miyala pakati pa Mars ndi Jupiter, ndipo umazungulira dzuwa kamodzi pa zaka 3.6. Kukula kwake ndi makilomita pafupifupi 525 m'mimba mwake, kuposa pang'ono msewu wochokera ku Nsanje kukafika ku Lilongwe. Anautulukira Heinrich Olbers, dokotala wa ku Bremen, ku Germany, amene ankayang'ana kumwamba usiku akaweruka, pa 29 Malichi 1807. Iye anali atapeza kale mwala wina wotchedwa Pallas mu 1802, choncho ulemu wotcha dzina anaupereka kwa Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu amene anawerengera njira yake. Gauss anasankha Vesta, mulungu wamkazi wa moto wa pakhomo kwa Aroma. Chombo cha m'mlengalenga cha NASA chotchedwa Dawn chinakazungulira mwalawu mu 2011 ndi 2012.

Zodandaula zilipo. Bainokyulayi ndi yolemera, ukaigwira m'manja kanthawi nyenyezi zimayamba kuvina, ndiye ndimatsamiritsa zigongono pachishalo cha njinga. Kachitsulo kowongolera diso lakumanja n'kolobodoka, kamafuna kukonza usiku uliwonse. M'mbali mwa galasi zinthu zimaoneka mwachimbuuzi.

Zina si vuto lake. Kuno kuchigwa fumbi la Okutobala ndi utsi wa nzimbe zowotcha zimaphimba nyenyezi za m'munsi, choncho dikirani Vesta ikwere, ndipo sankhani usiku wopanda mwezi. Udzudzu nawo sugona, valani zamanja aatali.

Aphunzitsi anzanga a ku Bangula ndi ku Nchalo, mukapeza bainokyula yotere gulani, koma muyang'ane nayo kaye mtengo umene uli patali muli pa sitolo pomwepo. Ukaoneka pawiri, magalasi anasokonekera, isiyeni.