Kunyonga kapena ndende moyo wonse: kusiyana kwake

Munthu akaphedwa ku Senga Bay kapena ku Chipoka, woganiziridwa amakaonekera kaye kwa majisitireti wa ku Salima, koma mlandu wakupha umaweruzidwa ku Khothi Lalikulu. Kumeneko zilango zazikulu kwambiri zimene woweruza angapereke n'ziwiri: kunyonga kapena ndende ya moyo wonse.

Chilango cha imfa chikadali m'malamulo. Gawo 16 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza moyo, koma limalola kunyonga ngati khothi lagamula. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khothi linathetsa lamulo loti wakupha aliyense azinyongedwa basi. Tsopano woweruza amayamba wamva zaka za wolakwa, mmene mutu wake unalili, komanso ngati anachita kuputidwa. Mu Epulo 2021 Khothi la Suprimu linaoneka ngati lachotseratu chilangochi, koma mu Ogasiti linabweza mawu. Ochikonda amati n'chokhacho chingaopseze opha anthu achialubino. Komatu chinyongereni munthu mu 1992, palibe pulezidenti wasainanso chikalata choti wina anyongedwe. Ogamulidwa amangokhala ku ndende ya Zomba, kudikira chingwe chosabwera. Chiopsezo chotani chimenecho?

Ndende ya moyo wonse ili ndi phindu limodzi lalikulu: cholakwika chimakonzeka. Mboni ikanama, kapena chivomerezo chikapezeka kuti chinatuluka chifukwa chomenyedwa, munthu amatuluka pa apilo. Wonyongedwa sabwerera. Kuipa kwake n'koti ndende n'zodzaza kale, nsima ndi ya kamodzi patsiku, ndipo achibale a womwalirayo amawawidwa mtima akamva kuti wakupha uja wakhululukidwa.