AASHTO 1993, Pavement ME, mePADS ndi DCP-DN: manambala amene pulogalamu iliyonse imafuna popanga pulani ya msewu

Injiniya akatsegula pulogalamu yowerengera makulidwe a magawo a msewu amapeza mabokosi ena opanda kanthu, odikira manambala ake, ndi ena odzaza kale ndi manambala ochokera kwa amene anaipanga. Yankho lonse limene kompyuta idzatulutse lagona pa mabokosi amenewa. Maganizo anga ndi akuti posankha pakati pa AASHTO 1993 ndi AASHTOWare Pavement ME Design, zonse za bungwe la misewu la ku America la AASHTO, mePADS ya ku South Africa, ndi njira ya DCP-DN yoyeza kulimba kwa nthaka pokhomamo chitsulo, tiyambe tawerenga kuti mwa manambala amene iliyonse ikufuna, ndi angati amene tingathe kuyeza tokha pa msewu umene tikumangawo, chifukwa nambala iliyonse imene taisiya monga tinaipezera imabweretsa dothi, nyengo ndi malole a dziko lina mu pulani yathu.

Tiyambe ndi magalimoto. AASHTO 1993 imafuna nambala imodzi yokha, kuchuluka kwa maekiselo a muyezo, a 80 kN kapena kuti makilogalamu pafupifupi 8,160, amene adzadutse pa zaka zonse za moyo wa msewuwo. Chimodzimodzi buku la 1998 la SATCC, bungwe la zamtengatenga la mayiko a SADC, ndi Overseas Road Note 31 ya 1993 ya TRL, bungwe lofufuza za misewu la ku Britain, amene amagawa magalimoto m'magulu kuyambira T1, wosafika maekiselo 300,000, mpaka T8, wa pakati pa 17 ndi 30 miliyoni. Kuphweka kumeneku kumabisa chosankha chachikulu, chomwe ndi mphamvu (power ya m'masamu) imene timakwezera kulemera kwa ekiselo posandutsa lole kukhala maekiselo a muyezo. Ekiselo ya matani 10 imawononga msewu ngati maekiselo a muyezo 2.3 tikagwiritsa ntchito mphamvu ya 4, koma 2.5 tikatenga 4.5 ya mu Road Note 31. Ekiselo yodzaza mopyola malamulo, ya matani 13, imapereka 6.4 pa mphamvu yoyambayo ndi 8.1 pa yachiwiriyo. Pa msewu ngati M1, kapena wochokera ku Mwanza wonyamula katundu wa ku doko la Beira, kusiyana kotereku kukachulukitsidwa ndi malole a zaka 20 kungathe kusuntha msewu kuchoka m'gulu lina kupita m'gulu lina. Choncho manambala a pa sikelo ya pamsewu, oyezedwa mbali zonse ziwiri padera chifukwa malole olowa m'dziko salemera mofanana ndi otuluka, ndi ofunika kwambiri kuposa kungowerenga magalimoto odutsa.

Pavement ME siphatikiza magalimoto m'nambala imodzi. Imafuna kudziwa kuchuluka kwa malole pa tsiku, kagawidwe kake m'magulu a FHWA, bungwe la boma la America loona za misewu ikuluikulu, kuyambira 4 mpaka 13, kulemera kwa maekiselo amodzi, awiri, atatu ndi anayi oyandikana m'gulu lililonse, kusintha kwake mwezi ndi mwezi, mpweya wa m'matayala, ngakhalenso mmene matayala amasunthira uku ndi uku m'njira yawo. Kunena zoona, umu ndi mmene msewu umamvera katundu, ndipo amene ali ndi makina oyeza kulemera kwa galimoto ikuyenda amapindula kwambiri. Vuto ndi lakuti amene alibe makinawo amatenga kagawidwe kobwera ndi pulogalamuyo, kochokera m'misewu ya ku North America, kumene lole yofala ndi ya maekiselo asanu. Malole athu aatali okoka ngolo ziwiri, a maekiselo asanu ndi awiri, sakhala bwino m'kagawidwe kameneko, ndipo wolowetsa manambala osasamala amatulutsa lipoti lokongola la msewu umene sudzaona malole amene anawerengerawo.

Pa dothi la pansi pa msewu m'pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa m'pamene mapulogalamuwa amasiyana mwakachetechete ngakhale tonse titayamba ndi CBR (California Bearing Ratio, muyezo wa kulimba kwa dothi) yofanana. AASHTO 1993 ndi Pavement ME zonse zimafuna resilient modulus, yosonyeza mmene dothi limabwererera likapanikizidwa ndi kusiyidwa mobwerezabwereza, koma makina oyezera zimenezi sapezeka m'malabotale ambiri, motero timasandutsa CBR. Buku la 1993 limapereka njira yochulukitsa CBR ndi 1,500 kuti tipeze modulus mu psi (mapaundi pa sikweya inchi), ndipo njirayi inapangidwira dothi losalala la CBR yosapitirira 10. Pavement ME imatenga 2,555 kuchulukitsa ndi CBR yokwezedwa ku mphamvu ya 0.64. Pa CBR ya 5 njira ziwirizi zimagwirizana ndithu, tikasandutsa psi kukhala megapascal (MPa) yoyambayo imapereka pafupifupi 52 MPa ndipo yachiwiriyo 49 MPa. Koma pa CBR ya 15, imene dothi labwino la katondo lingafike, yoyambayo imapereka pafupifupi 155 MPa pamene yachiwiriyo imapereka pafupifupi 100 MPa. Amene wapitiriza kuchulukitsa ndi 1,500 kupyola malire ake walimbitsa dothi papepala pokha, ndipo magawo amene adzatuluke adzakhala opyapyala kuposa ofunika.

Pavement ME ili ndi ubwino umodzi pano umene ndimaulemekeza: imakakamiza munthu kunena poyera gwero la nambala yake. Level 1 ndi nambala yoyezedwa m'labotale pa zipangizo za msewu womwewo, Level 2 ndi yochokera ku muyezo wina wogwirizana nayo monga CBR, ndipo Level 3 ndi yongotengedwa pa mndandanda malinga ndi mtundu wa dothi. Munthu angasakanize milingoyi m'pulani imodzi, ndipo wounika lipoti amaona msanga pamene pali umboni ndi pamene pali kungoganizira. Khalidwe limeneli tingalitengere ngakhale tikugwiritsa ntchito pulogalamu ina.

Njira ya DCP-DN imadutsa njira ina kotheratu, chifukwa siyendera pa CBR konse. Chitsulo choyezera chotchedwa DCP (Dynamic Cone Penetrometer), cha nsonga ya madigiri 60, chimakhomedwa m'nthaka ndi nyundo ya makilogalamu 8 yogwa kuchokera pa mamilimita 575, mpaka kuya kwa mamilimita 800, ndipo DN ndi mamilimita amene chitsulocho chalowa pa kumenya kumodzi. Pulogalamu ya AfCAP LVR-DCP imayerekeza DN ya gawo lililonse la msewu umene ulipo kale ndi DN yofunika pa gulu la magalimotowo, n'kusonyeza magawo oyenera kusiyidwa, kutsenderedwanso kapena kuwonjezeredwa. Dziko la Malawi linatulutsa buku la njirayi la misewu ya phula ya magalimoto ochepa mu 2013. Mphamvu ya njirayi ndi yakuti manambala ambiri olowetsa ndi oyezedwa pamalo pomwepo, kambirimbiri ndiponso motsika mtengo. Komabe ili ndi bokosi lake loopsa, lomwe ndi chinyezi. Dothi loyezedwa mu Okutobala, nthaka itauma gwa, silofanana ndi lomwelo mu Febuluwale, makamaka m'madambo ndi m'dothi la makande, choncho potsatira buku la 2013 lija wolowetsa manambala ayenera kunena ngati msewu udzakhala wonyowa kuposa tsiku loyezalo, wofanana nalo, kapena wouma kuposa, ndipo DN yogwiritsa ntchito imasankhidwa potsatira yankholo. Kuyeza DCP popanda kutenga dothi loyezera chinyezi n'kugwira theka la ntchito. Malire ake enanso ndi omveka: inapangidwira misewu yosapitirira maekiselo a muyezo pafupifupi 1 miliyoni, osati misewu ikuluikulu ya malole.

Za nyengo zimafotokozeka msanga. AASHTO 1993 imailowetsa kudzera m'kusintha kwa modulus ya dothi m'miyezi ya chaka ndi m'nambala yosonyeza katulukidwe ka madzi m'magawo a miyala. Pavement ME imafuna kutentha, mvula, mphepo, dzuwa ndi chinyezi cha mumpweya pa ola lililonse kwa zaka zingapo, ndipo kumene kulibe malo oyezera nyengo okwanira munthu amadalira MERRA-2, nkhokwe ya manambala a nyengo ya NASA. Njira ya ku South Africa imagawa madera kukhala onyowa, apakati ndi ouma potsatira nambala ya Weinert, yoyerekeza kuuma kwa madzi ndi mvula, malire ake kukhala 2 ndi 5.

Nanga mePADS, yopangidwa ndi CSIR, bungwe lofufuza za sayansi la ku South Africa, ku Pretoria? Imeneyi imawerengera kupanikizika ndi kutamuka m'gawo lililonse, choncho imafuna makulidwe, modulus ndi Poisson's ratio (mmene gawo limafutukukira m'mbali likapanikizidwa) ya gawo lililonse, pamodzi ndi mtundu wa zipangizo monga G1 mpaka G10 pa miyala ndi dothi (G1 ndiyo yabwino koposa), kapena C1 mpaka C4 pa zosakaniza ndi simenti. Kwa ife ili pafupi kuposa za ku America, chifukwa inakulira pa misewu ya phula lopyapyala pamwamba pa miyala yophwanya yokhala pa gawo la simenti, yoyesedwa ndi Heavy Vehicle Simulator, makina oyendetsa tayala lolemera pa msewu mobwerezabwereza. Imadziwanso kuti gawo la simenti limayamba lolimba, kenako limang'aluka n'kukhala ngati miyala wamba, motero imafuna modulus ya nyengo iliyonse ya moyo wa gawolo. Chofooka chake, chodziwika ngakhale kwawo komweko, n'chakuti kusintha pang'ono modulus ya gawo la miyala kumasintha kwambiri moyo wa msewu umene imatulutsa. Mainjiniya awiri oona mtima angalowetse manambala ovomerezeka onse n'kupeza mayankho otalikirana, n'chifukwa chake yankho la mePADS liyenera kuyerekezedwa ndi makatalogi (mindandanda ya makulidwe okonzedwa kale) a m'buku la ku South Africa la TRH4 kapena a SATCC lisanalowe m'lipoti. Kulemba G1 pa miyala imene pamalo a ntchito sidzatsenderedwa kufika pa muyezo wa G1 kulinso ngati kuwerengera nkhokwe chimanga chikadali m'munda.

Ziwerengero zosonyeza kulimba kumene gawo lililonse limapereka mu AASHTO 1993, za 0.44 pa phula, 0.14 pa miyala yophwanya ndi 0.11 pa gawo la pansi, zinachokera ku AASHO Road Test ya ku Ottawa, Illinois, ya 1958 mpaka 1960, pa dothi la mtundu umodzi, m'dera limene nthaka imaundana ndi chisanu, ndiponso pa maulendo a maekiselo opitirira pang'ono 1 miliyoni. Kuziika pa gelevulo wathu wofiira osafunsa n'kudalira kwambiri zaka ziwiri za dera limodzi. Pavement ME nayo inalinganizidwa pa misewu ya ku United States ndi Canada yoyezedwa kwa zaka zambiri mu kafukufuku wa LTPP, ndipo AASHTO yomweyo inatulutsa mu 2010 buku louza dera lililonse kuilinganizanso ndi misewu yake. Popanda mbiri ya zaka zambiri ya ming'alu ndi kulowa pansi kwa njira ya matayala m'misewu yathu, ntchito imeneyo singatheke, ndipo laisensi yake yolipira chaka ndi chaka singalowe m'malo mwa mbiriyo.

Pa msewu wa kumudzi wothiridwa phula koyamba ndingatenge DCP-DN mosazengereza. Pa msewu waukulu ndingayambe ndi katalogi ya SATCC, n'kuunika ndi mePADS, ndipo AASHTO 1993 n'kuisunga monga muyezo wachitatu wowerengeka ngakhale mu Excel. Poyerekeza mayankhowo m'pofunika kufananitsa kaye mlingo wa kudalirika. Mu AASHTO 1993 munthu amasankha yekha peresenti yake pamodzi ndi standard deviation (muyezo wa kumwazika kwa manambala), kawirikawiri 0.45 pa msewu wa phula, pamene mu mePADS kudalirikako kumabwera ndi gulu la msewu: 95 peresenti pa A, 90 pa B, 80 pa C ndi 50 pa D. Kuika pulani ya 95 peresenti pambali pa ya gulu C n'kunena kuti pulogalamu ina imawononga ndalama ndi kulakwitsa kumene wounika aliyense ayenera kukubweza.