Tebulo la amayi a ku Mangochi ku Yeoville: nsinjiro inde, mpunga ayi

Kusukulu kwa mwana wanga, amene ali mu Giredi 5, anapempha kuti pa sabata ya Heritage Day, tsiku lokondwerera zikhalidwe kuno ku South Africa, lija la pa 24 September, mwana aliyense abwere ndi chakudya chakwawo chopatsa thanzi, komanso pepala lofotokoza kaphikidwe kake kuti asinthane ndi anzake. M'kalasimo muli ana a ku Zimbabwe, Congo, Mozambique, Ethiopia ndi eni dziko. Ife zophikira tinakagula kwa amayi ena a ku Mangochi omwe ali ndi tebulo ku Yeoville, cha ku Rockey Street. A Joni kuno, imvani mmene ndinalionera tebulolo.

Nsinjiro zawo ndi zenizeni. Mtedza amasinja okha, ndipo ukatsegula pepala fungo limakuuza kuti sizinagonere mwezi. Usipa ndi woyera, wopanda mchenga, wouma bwino. Mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya ulinso, ngakhale umadalira tsiku limene basi yakumudzi yafika.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi malangizo awo. Ine maganizo anali pa chigwada. Iwo anaseka: "Amake mwana, chigwada ana a ku Congo abwera nacho, amati pondu. A ku Mozambique nawonso matapa awo ndi masamba a chinangwa omwewo. Phikani futali." Usipa anandiletsanso, ati m'kalasi ungamuchititse manyazi mwana chifukwa cha fungo. Pamenepo sindinagwirizane nawo kwenikweni, popeza usipa timadya ndi minga yomwe, ndipo ndi umene umalimbitsa mafupa, koma ndinamvera.

Anandisankhira mbatata yofiira m'kati, ija yokhala ndi vitamini A, n'kumuuza mwana kaphikidwe iye akulemba: senda mbatata, idule, iwiritse ndi kamchere, ikatsala pang'ono kupsa thira nsinjiro zosungunula m'madzi, zibwate pamoto wochepa osavundula kwambiri. Shuga ayi. Anatikumbutsanso kulemba pachivundikiro kuti muli mtedza, poti ana ena umawadwalitsa.

Poto anabwerera wopanda kanthu. Mwana anabwera ndi mapepala a umngqusho, chimanga chokonola chophika ndi nyemba, ndi muriwo une dovi wa anzake a ku Zimbabwe, umene titawerenga tinapeza kuti ndi ndiwo zotendera basi, kungoti iwo amathira chiponde.

Mpunga wokha ndiye musagule. Amati ndi Kilombero wa ku Karonga, koma nditaphika kafungo kaja kanali kakutali, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Ufa woyera nawonso ndi wodula kwa munthu wa banja lalikulu, ndi wogula tsiku limene mwaulakalaka.

Khadi salandira, nyamulani ndalama m'manja. Loweruka pitani m'mawa, chifukwa ikamakwana 12 koloko nsinjiro zimakhala zitatha.